Kusefa madzi a mvula asanatuluke pa poloti yanu

Mvula yoyamba ikagwa, ija ya chizimalupsa, kaimeni pa mlatho wa Mudi kapena wa Nasolo muone zimene zikudutsa pansi. Amakhala madzi akuda bii, osakanizika ndi majumbo, mabotolo, matewera a ana, makoko a nzimbe ndi thovu la sopo, pamwamba pake mafuta akunyezimira ngati utawaleza. Dzulo lake zonsezo zinali pakhomo pa munthu. Zinaunjikana pansi nyengo yonse ya dzuwa, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndiye mvula ya ola limodzi yazikokolola pamodzi.

Mzinda wathu wa Blantyre unakhala pakati pa mapiri: Ndirande, Soche, Michiru, Bangwe, Mpingwe. Madzi akagwa sachedwa kutsetsereka. Kale ankagwidwa ndi mitengo ndi udzu, lero akumana ndi malata, simenti ndi tala. Ngalande za konkire nazo ntchito yake ndi imodzi, kuchotsa madzi msanga, ndipo zimachotsa ndi uve womwe n'kukautula mu Mudi, Naperi, Likhubula, mpaka ku Shire. M'mbali mwa mitsinje yomweyo muli amayi akuchapa, ana akusambira, ena akuthirira masamba amene timagula pamsika.

Mfundo ya ntchito imene ndikufotokozayi ndi yaifupi: madzi othamanga amanyamula, madzi odekha amatula. Mukawachedwetsa, mchenga ndi matope zimakhala pansi, ndipo uve wambiri, monga zotsalira za feteleza ndi tizitsulo tochokera ku matayala, mabuleki ndi malata, umakhala utamatirira ku matope omwewo. Mukawadutsitsa m'dothi lokhala ndi mizu, tizilombo tam'nthaka timadya mafuta pang'onopang'ono ndipo zomera zimayamwa mchere wina wotsalawo. Izi ndazichita pa poloti yanga ndi khasu, fosholo ndi wilibala, popanda makina aliwonse.

Yambani ndi kunyowa

Musakumbe kanthu musanaone kumene madzi a pakhomo panu amayenda. Mvula ikamagwa tengani ambulera muzungulire poloti yonse. Onani pamene akugwera kuchokera padenga, pamene akulowera kuchokera kumtunda kapena kumsewu, pamene akukumba kanjira, ndi pamene akutulukira. Khomani tizikhomo m'malo amenewo. Madzi saiwala khwawa, ndiye zonse zimene mumange zikhale m'njira imene iwo anasankha kale. Mukawakakamiza kukhota mwadzidzidzi adzakugwetserani mpanda. Ngati mukuwerenga izi mvula isanayambe, nthaka ikuuzani yokha: pali timizere tokumbika, pali pamene mchenga unaunjikana, pali khoma lodetsedwa m'munsi.

Kenako werengani kuchuluka kwake. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi ya madzi. Nyumba ya mamita 10 m'litali ndi 6 m'lifupi ili ndi denga la masikweya mita pafupifupi 60. Mvula ya mamilimita 25, imene kuno si yachilendo mu Januwale, itulutsa malita 1,500 padenga limenelo, kutanthauza ndowa 75 za malita 20. Wonjezeranipo bwalo ngati munalithira simenti. Nambala imeneyi muisunge, ndi imene ikuuzeni kukula kwa zonse zikubwerazi.

Chotsani chimene mungachotse ndi manja

Chinthu chimene sichinalowe m'madzi sichifuna kusefedwa. Mu Seputembala ndi Okutobala sesani bwalo, tolani majumbo, fukulani zinyalala za m'ngalande ya pamaso pa nyumba. Mapepala apulasitiki opyapyala, osafika mamaikiloni 60, boma linawaletsa mu 2015 ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma ndi omwewo amene amatseka makalavati athu chaka ndi chaka. Mabatire akutha a tochi ndi a wailesi asatayidwe pabwalo. Oyilo wakuda asathiridwe pansi kapena m'ngalande. Mulu wa mchenga womangira uzungulizeni ndi njerwa, khola la nkhuku likhale ndi denga ndiponso kamgula kotchinga madzi, ndowe za galu zizikwiriridwa.

Chimbudzi ndiye choyamba pa zonse. Ngati dzenje latsala pang'ono kudzaza, lipopedwe kapena likwiriridwe mvula isanafike, ndipo pakhomo pake pakwezedwe kuti madzi a pabwalo asamalowemo. Alipo ena amene amadikira mvula yamphamvu usiku kuti atsegulire zam'chimbudzi m'ngalande. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Palibe dzenje, udzu kapena mchenga umene ndifotokoze pano umene ungayeretse zam'chimbudzi. Ntchito iyi ndi ya madzi a mvula basi, ndipo ngakhale atasefedwa sakhala akumwa.

Denga

Ikani magata kuti madzi a padenga atsikire malo amodzi kapena awiri m'malo mokumba nthaka kuzungulira nyumba yonse. Pakamwa pa payipi yotsika mangani kawaya ka sefa kogwira masamba. Madzi oyamba kutsika amakhala ndi fumbi, zitosi za mbalame ndi dzimbiri. Pa denga la kukula kumene tanena kuja, ndowa ziwiri kapena zitatu zoyambirira zipite pansi, zisalowe mu mgolo. Njira yosavuta ndi kukhala ndi payipi yosunthika: mvula ikayamba ilozeni pansi, pakapita mphindi zingapo ibwezereni mu mgolo.

Mgolo wa malita 200 udzadza msanga, ndi zoona, koma malita 200 amenewo achotsedwa pa chigumula cha mumsewu, ndipo ndi madzi ochapira ndi okolopera amene simulipira ku Water Board. Uvindikireni chifukwa cha udzudzu ndi ana. Chapamwamba pake boolani potulukira madzi osefukira, muwalondolere kumene tikupita tsopano.

Yesani dothi, ndipo dziwani pamene simuyenera kukumba

Sankhani malo odzakumbapo dzenje lomwetsa madzi pansi. Akhale otsikirako pang'ono, m'njira ya madzi ija, koma osati pamene madzi amakhalitsa kale masiku angapo, chifukwa pamenepo nthaka yakuuzani kale kuti siimwa. Kumbani kadzenje ka masentimita 30 kuya ndi 30 m'lifupi. Dzazani madzi, muwasiye aphwe, mudzazenso kachiwiri. Kachiwiriko ndi kamene kamanena zoona, poti dothi louma limamwa mwadyera. Imikani kamtengo m'katimo, lembani chizindikiro, muziona pa ola lililonse. Madzi akamatsika masentimita awiri kapena atatu pa ola, malowo ndi abwino. Akatha tsiku lathunthu asanaphwe, ndiye kuti muli pa makande kapena thanthwe lili pafupi. Katondo wofiira amasiyanasiyana, wina amamwa bwino, wina anagangatika ndi mapazi ndi matayala. Musaweruze ndi maso, yesani.

Dzenje lililonse lomwetsa madzi pansi litalikire maziko a nyumba ndi mamita osachepera atatu, yanu ndi ya mnansi yemwe. Litalikirenso chimbudzi, kuti lisanyowetse makoma a dzenje lake n'kuligumula. Ngati pafupi pali chitsime chimene anthu amamwa ndipo madzi anu amachokera kumsewu kapena kukhola, sungani mtunda wa mamita 30, womwe uja amalangiza pakati pa chimbudzi ndi chitsime. Funsaninso kumene kunadutsa mapayipi a madzi ndi mawaya a magetsi piki isanalowe pansi.

Pali malo ena amene sindikufuna kuti mukumbe n'komwe. Ngati nyumba yanu ili pamtsetse weniweni, m'mbali mwa phiri la Soche, kumtunda kwa Ndirande kapena kwa Bangwe, pamene munachita kusema phiri kuti mupeze pomanga ndipo denga la mnzanu lili m'munsi mwa khonde lanu, musamwetse madzi m'nthaka dala. Dothi la pamtsetse likakhuta madzi limalemera n'kutsetsereka. Zimene zinachitika ku Chilobwe ndi Manja mu Malichi 2023, pa namondwe wa Freddy, sitinaziiwale. Kumalo otero chitani zitatu zokha: kololani madzi a padenga, ikani msampha wa zinyalala ndi matope womangidwa ndi simenti, dzalani mizere ya udzu wa vetiva yogwira dothi. Madziwo muwatsitse bwinobwino m'ngalande yowaka miyala. Maenje omwetsa madzi ndi a kumalo athyathyathya kapena otsika pang'ono.

Msampha wa zinyalala ndi dzenje la matope

Apa ndi pamene anthu ambiri amadumpha, ndipo inenso ndinadumpha chaka choyamba. Ndinalunjikitsa madzi ochokera kumsewu m'dimba losefera, limene ndifotokoze kutsogoloku, popanda kuyamba ndawadekhetsa. Pofika pakati pa Januwale pamwamba ponse panali pataphimbidwa ndi matope osalala ngati pulasitala. Madzi anaima masiku anayi, ndipo nditawerama ndinaona timphutsi ta udzudzu tikuvinavina m'menemo. Ndinafukula zonse n'kuyambiranso. Walira mvula walira matope, ndiye matopewo apatseni malo awoawo.

Pamene madzi akulowera pa poloti, kapena pamene a pabwalo akusonkhanira, kumbani dzenje la masentimita 60 mbali zonse ndi 50 kuya. Wakani m'mbali ndi njerwa, pansi thirani simenti pang'ono kuti fosholo izitha kupala bwino. Polowera madzi imikani waya wa mpanda kapena tizitsulo totalikirana ngati zala ziwiri, kopendekera kutsogolo, kuti majumbo ndi mabotolo azikwera pamwamba m'malo motseka njira. Potulukira pakhale chapamwamba, mbali ina, motsikirako pang'ono poyerekeza ndi polowera. Madzi akagwera m'dzenjemo amataya liwiro, mchenga umakhala pansi, opepuka okha ndi amene amapitirira. Vindikirani ndi chitsulo kapena silabu yoti munthu wamkulu angathe kunyamula koma mwana ayi. Kuti madzi otsalira asaime, siyani timabowo tiwiri pakati pa njerwa za m'munsi.

Ngalande ya udzu ndi vetiva

Kuchoka pa dzenje la matope, madzi ayende m'ngalande yosaya, yotakata, yomera udzu. Alimi amaidziwa, ndi msuweni wa maswale amene alangizi amaphunzitsa kumunda, kungoti ya kumunda imatsata kalozera osatsika, pamene ya pakhomo imatsika pang'ono kuti madzi asaime pafupi ndi nyumba. Ikhale mita imodzi m'lifupi, masentimita 20 mpaka 30 kuya, pansi pake pafulati, m'mbali mopendekera mofatsa ngati mbale, osati moima ngati bokosi. Pa mita iliyonse itsike sentimita imodzi kapena awiri. Poyeza bwerekani kwa mmisiri womanga payipi ija yoonekera mkati imene amathiramo madzi poona levulo.

Pansi dzalani kapinga. Amagwira msanga, amapirira kupondedwa, ndipo madzi akamadutsa m'masamba ake amasiya fumbi lija lopepuka limene linapulumuka pa dzenje. Ngati malo ndi otsika kwambiri kuposa pamenepa, pa mamita atatu kapena anayi aliwonse yalani kamzere ka miyala kopingasa, kotalika ngati chikhatho, pakati pake potsikirako kuti madzi azidumpha pakati osati kukumba m'mbali. Kumbuyo kwa kamzere kalikonse kumakhala kadziwe ka mphindi zochepa, ndipo kadziwe kalikonse kamatula katundu.

Vetiva ndiye msilikali wa ntchito yonseyi. Mizu yake imalowa pansi molunjika mamita awiri ngakhale atatu, siyanga m'mbali, ndipo mtundu umene umadzalidwa m'minda yathu sufalikira ndi njere, ndiye sudzakulandani bwalo. Amapirira chilala, amapiriranso kumizidwa, ndipo zitsulo zimene amayamwa zambiri zimatsalira m'mizu. Mbewu yake funsani kwa alangizi a zaulimi kapena kwa wachibale amene ali ndi munda wa akalozera. Phata limodzi lalikulu limagawika tizidutswa tambiri. Dulani masamba atsale masentimita 20, mizu itsale 10, dzalani tiziphata ta mapesi awiri kapena atatu motalikirana masentimita 10 mpaka 15, pa mzere wopingasa njira ya madzi. Kuthithikana kumeneku n'kofunika: mukatalikitsa, madzi apeza mpata n'kukumba pomwepo. Dzalani mvula itakhazikika, chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, ndipo potsalira bwezeranipo msanga. Chaka choyamba mzerewo umakhala ndi mipata, ndiye uthandizeni ndi miyala kumbuyo kwake. Chaka chachiwiri umatsekana ngati tsache, ndipo mukapita kumtunda kwake mudzapeza dothi litaunjikana, lofewa, lomwe likanakhala mu Mudi. Pamthunzi wa mango sachita bwino, amafuna dzuwa.

Dimba losefera

Kumapeto kwa ngalande ndi kumene kuli chimake cha ntchito: beseni lokumbidwa pansi, lodzazidwa ndi dothi losakaniza, lomera zomera, limene limalandira madzi, kuwasunga maola ochepa n'kuwamwetsa pansi atasefedwa.

Kukula kwake kukhale gawo limodzi mwa magawo khumi a malo amene akuthiramo madzi; ngati dothi lanu limamwa mochedwa, magawo awiri. Pa denga lija la masikweya mita 60, beseni la mamita atatu m'litali ndi awiri m'lifupi likwana. Mukasiya mpata wa masentimita 20 pamwamba, beseni lotere lisunga malita 1,200 nthawi imodzi, osawerengera amene akulowa pansi mvula ikugwa. Ndiye kuti mvula zambiri za pachaka zithera momwemo, ndipo pa mvula yaikulu ligwira madzi oyambirira, amene ndi akuda kuposa onse.

Kumbani masentimita 75. Dothi lakuda la pamwamba liikeni padera, lofiira la pansi mupangire mgula kumbali ya kumunsi n'kuutsendera bwino. Pansi pa dzenje pakhale pa levulo, apo ayi madzi onse adzathamangira ngodya imodzi. Mukamaliza kukumba musapondepondemo; tipulani pansipo ndi piki kuti patseguke, ndipo musakumbe dothi lili chinyowere chifukwa fosholo imalisalaza n'kutseka timabowo take.

Pansi penipeni yalani miyala ya kwale masentimita 15, yotsukidwa, yopanda fumbi lake lija. Pamwamba pake timiyala ting'onoting'ono kapena mchenga wokhakhala masentimita asanu, kuti dothi lisatsikire m'mipata ya kwale. Kenako dothi losakaniza masentimita 35: mawilibala atatu a mchenga wa kumtsinje, imodzi ya dothi lakuda lija munasunga, imodzi ya kompositi wowola bwino. Mchenga ukhale wa kumtsinje, osati wa kudambo wopulasitalira, umene ndi wosalala ndipo umagwirana. Pa kompositi musapyole muyeso ndipo musathire manyowa aawisi kapena feteleza, chifukwa mukatero dimbalo liyamba kutulutsa mchere womwe mumafuna kuti ligwire. Mchere umenewo ukafika m'madzi odekha ndi umene umanenepetsa ndere ndi namasupuni.

Chinthu chimodzi chimene tili nacho chambiri mu Blantyre muno ndi zinyenyeswa za makala zotsalira pansi pa thumba, zija timangotaya kuseri kwa khitchini. Makala ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso timene timagwira mafuta ndi uve wina, komanso timasunga chinyontho cha zomera m'chilimwe. Sakanizani ndowa imodzi pa ndowa khumi za dothi lija. Ndikunena makala, osati phulusa. Phulusa limasungunuka n'kupita ndi madzi.

Pamene madzi akugwera m'beseni yalani miyala ikuluikulu ngati chibakera kuti asakumbe. Pamwamba pa dothi ponse phimbani ndi timiyala kapena udzu wouma wa vetiva wotsindiridwa. Utuchi ndi masamba opepuka zimayandama n'kuthawa pa mvula yoyamba.

Zodzala zikhale zopirira zonse ziwiri, kumira mu Febuluwale ndi kuuma mu Okutobala. Vetiva m'mphepete ndi pakati, nsenjere ngati malo alipo ndipo muzidula, kapinga pa mgula. Bango limachita bwino pokhapokha pamene pamakhala chinyontho nthawi yaitali, koma limayanga, ndiye pa poloti yaing'ono lisiyeni. Ngati beseni likulandira madzi a padenga okha, nthochi m'mbali mwake zimakondwa kwambiri. Koma ngati mukulowa madzi a mumsewu, a pa galaja kapena a kukhola, musadzalemo chodya, makamaka mpiru, chinese, bonongwe ndi mbatata. Dimba limeneli ntchito yake ndi kusunga uve; si la ndiwo.

Kwa amene dothi lawo linalephera mayeso aja, njira ilipo. M'kati mwa kwale goneka payipi yapulasitiki yoboolaboola, mabowo akuyang'ana pansi, itulukire ku ngalande ya kumsewu pamalo otsika. Madzi sadzalowa pansi ambiri, koma adzatuluka atadutsa m'mchenga ndi m'mizu, mochedwa ndiponso oyera kuposa mmene analowera.

Lamulo la beseni ndi ili: mvula ikasiya, madzi a pamwamba aphwe pasanathe tsiku limodzi, akachedwetsetsa awiri. Udzudzu umafuna pafupifupi sabata kuti dzira lisanduke udzudzu wouluka, ndiye beseni logwira bwino ntchito siliuweta. Likayamba kupyola masiku awiri, latsekeka, lipaleni.

Potulukira pa tsiku la chimvula

Lidzafika tsiku limene beseni lidzadzaza. Konzeranitu. Pa mgula wa kumunsi dulani kampata kotakata ngati theka la mita, kotsikirako masentimita asanu kuyerekeza ndi mgula wonse, muwakemo miyala, kaloze ku ngalande ya kumsewu. Kasaloze ku khoma la mnansi, kuchimbudzi kapena ku maziko anu. Milandu ina imene amfumu amaweruza m'nyengo ya dzinja ndi ya madzi amene wina anakankhira kwa mnzake, ndiye musanakumbe muitaneni wa kumunsiyo aone yekha. Ine ndinawaitana amayi a nyumba ya kumunsi kwanga. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, “Bambo, bola asalowe kukhitchini kwangaku.” Tinasuntha kampatako mita imodzi, ndipo chaka chotsatira anadzatenga mbewu ya vetiva pa mzere wanga.

Ngati muli ndi galaja kapena potsukira galimoto

Mafuta ambiri amapha dimba losefera, ndiye agwidwe asanafike. Pogwirira ntchito pakhale simenti yopendekera ngodya imodzi, ndipo ngati n'kotheka pakhale denga kuti mvula isamatsuke. Pothira oyilo ikani beseni pansi. Wodontha muthireni utuchi kapena mchenga n'kuwola, osatsuka ndi madzi.

Pa ngodya ija mangani thanki ya zipinda zitatu, kapena lumikizani migolo itatu yokwiriridwa. Chinsinsi chake ndi chakuti mafuta amayandama. Payipi yochoka m'chipinda china kupita china ikhale ndi chigongono choloza pansi, kukamwa kwake kuli masentimita 20 kapena 30 pansi pa madzi, koma kosafika pa matope. Motero amene akuwoloka ndi madzi a pakati; mafuta amatsalira pamwamba, mchenga pansi. Chipinda choyamba chikhale chachikulu. Sabata iliyonse engulani mafutawo muthire m'chigubu chotseka, ndipo za kotaya funsani ku khonsolo ya mzinda kapena ku MEPA, bungwe loona za chilengedwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017. Sopo wambiri amasakaniza mafuta ndi madzi moti sayandamanso, choncho chepetsani sopo, ndipo madzi otsukira injini asasakanikirane ndi a mvula. Asidi wa batire asayandikire n'komwe.

Kusamalira

Zonsezi zikagwira uve, uvewo sunathe, wangosonkhana pamalo amodzi kudikira inu. Mvula yaikulu iliyonse ikatha, chotsani zinyalala pa waya. Dzenje la matope likafika theka, lipaleni. Mu Januwale mwina ndi sabata iliyonse. Valani magolovesi kapena majumbo m'manja, musambe ndi sopo mukamaliza. Matope ochokera padenga ndi pabwalo loyera mutha kuthira pa maluwa kapena kukwirira pokumbika. Ochokera kumsewu ndi ku galaja aumitseni, muwaike m'thumba, apite ndi zinyalala za khonsolo ku Mzedi. Musawaunjike m'mbali mwa ngalande monga timaonera m'misewu yambiri, pomwe anthu amafukula bwinobwino n'kusiya mulu pompo, mvula yotsatira n'kubwezeramo zonse.

Vetiva mduleni kawiri kapena katatu pachaka atsale wofika m'mawondo; akadulidwa amaphukira mothithikana. Masamba ake ndi ophimbira dothi abwino. M'beseni, chaka chilichonse mu Okutobala palani masentimita awiri kapena atatu a pamwamba pamene pagwirana, tipulani pang'ono ndi kakhasu, bwezeranipo mchenga watsopano. Chilimwe choyamba thirirani zomera ndi madzi otsukuluzira zovala kamodzi pa sabata, zikakhazikika zimadzidalira. Musalole galimoto kuimapo kapena ana kusandutsa bwalo la mpira, poti dothi likatsenderezeka ntchito yatha.

A pa lendi ndi a mumsewu umodzi

Ambiri mu Ndirande, Mbayani, Zingwangwa ndi Bangwe ali pa lendi, nyumba zisanu pa poloti imodzi, malo okumba palibe. Mgolo pansi pa gata sufuna chilolezo chachikulu. Waya wogwira zinyalala pa kangalande ka pabwalo ndi wa ndalama zochepa mukasonkherana. Theka la mgolo loboola pansi, lodzazidwa kwale, mchenga ndi makala monga tafotokozera, lodzalidwa phata la vetiva, likhoza kuima pamene madzi a padenga amagwera. Kwa alandilodi musayambe ndi nkhani ya mtsinje. Aonetseni pamene madzi akudya maziko a nyumba yawo, adzamva msanga.

Poloti imodzi siisintha mtundu wa Mudi, koma msewu wathunthu umasintha kakhwawa kake. Ngati mwagwirizana anthu khumi, yambirani kumtunda kutsika, chifukwa wa kumunsi sangathe yekha madzi a anthu onse. Ngalande ya m'mbali mwa msewu ndi ya khonsolo, ndiye musaitseke kapena kuikhotetsa musanalankhule ndi amfumu ndi khansala wa dera lanu. Chimene mungachite mwa inu nokha ndi kugawana masiku ofukula ndi kudzala vetiva m'mbali mwa tinjira ta dothi timene timakokoloka chaka chilichonse.

Pa mvula yoyamba mukamaliza ntchito, tengani mabotolo awiri oonekera mkati. Limodzi tungani polowera, pa waya paja, lina potulukira kapena pa payipi ya pansi. Aimikeni pawindo usiku wonse. M'mawa yezani ndi chala matope amene akhala pansi pa lililonse, mulembe tsiku pa botolo. Ngati lachiwiri likufanana ndi loyamba, madzi akudutsa mothamanga: kulitsani dzenje la matope, kapena wonjezerani kamzere kena ka miyala m'ngalande, mudzayesenso pa mvula yotsatira.